Buku la Ngongole ndi Khadi la M'sitolo

Nkhani imene ndikulemba lero ndakhala nayo mumtima zaka ziwiri. Sindikadaitulutsa akadapanda kundiloleza mayi akunyumba, pakuti gawo lalikulu la nkhaniyi ndi lawo. Ndidawapempha kawiri. Kachiwiriko adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Lembani, bambo, koma dzina langa mulisiye." Ndalisiya. Ndasiyanso dzina la sitolo imene ikukhudzidwa, chifukwa zimene zidatigwerazi zikadatha kuchitika m'sitolo ina iliyonse yaikulu ya masiku ano.

Ndidakulira ku Mchinji, kufupi ndi msewu wopita ku Chipata. Pamsika wathu padali golosale ya bambo wina wachikulire, amene ankasunga buku lachikuto chofiira pansi pa kauntala. M'bukumo mudalembedwa ngongole za midzi yonse yozungulira: palafini, mchere, machesi, sopo, shuga. Banja lililonse lidali ndi tsamba lake. Poyang'ana masamba amenewo, mkuluyo ankadziwa zambiri kuposa amfumu. Banja likasiya kugula shuga, ankadziwa kuti fodya sadayende bwino chaka chimenecho. Mayi akagula beseni latsopano, lezala ndi zitenje ziwiri tsiku limodzi, ankadziwa kuti masiku ake ayandikira. Bambo akagula mafuta odzola onunkhira amene sadaonekepo pakhungu la mkazi wake, zimenezonso ankaziona. Koma sindidamvepo kuti mawu a munthu adatulukira m'golosale muja.

Chifukwa chake chidali chapafupi. Ankamwa madzi a mjigo womwe tinkatungapo ife, ankagona nawo m'masiwa athu, ndipo ana ake ankayembekezera kudzakwatira m'mabanja omwewo. Ankatidziwa, ifenso tinkamudziwa. Akadaulula za munthu, akadakaima pabwalo la amfumu, golosale nkufa. Mwana ukatumidwa kukagula, ankakuponyera siwiti ya banyira, chimene anzathu a kutsidya kwa malire amati mbasela. Pokupatsa banyira sankayembekezera china koma kuti ubwerenso mawa.

Nditasamukira ku Johannesburg, kumene ndimagwira ntchito yaukalaliki m'nyumba yosungiramo katundu, ndidapeza banyira wa mtundu wina. M'masitolo akuluakulu a kuno, katundu wambiri amakhala ndi mitengo iwiri pashelefu: wa munthu wamba, ndi wotsikirapo wa munthu amene ali ndi khadi la sitoloyo. Pick n Pay idayambitsa khadi lake mu 2011, Checkers idatsatira mu 2019, ndipo lero n'kovuta kupeza sitolo yaikulu yopanda lake. Khadilo salipiritsa. Amangofuna dzina lako, nambala ya foni, nambala ya chiphaso, ndi kuti uchonge kabokosi kovomereza mfundo zawo. Posakhalitsa m'chikwama changa mudali makhadi asanu. Ndikaona palisiti kuti ndapulumutsa marandi makumi atatu pa mafuta ophikira, ndinkadzitama kuti ndine wochenjera, chifukwa marandi amenewo ankapita pa ndalama zotumiza kumudzi. Akale adati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Mwambiwu ndinkaudziwa kuyambira ubwana, koma sindidaganizepo kuti mbuziyo ingakhale ine.

Ine ndi mayi akunyumba tidakhala m'banja zaka zisanu ndi chimodzi popanda mphatso ya mwana. Amene adadutsamo m'njira imeneyi akudziwa kulemera kwa mafunso a achibale, ngakhale ofunsidwa mwachikondi. Ndiye tsiku lina adaima. Kwathu pakati si nkhani yolengeza. Amene amauzidwa poyamba ndi amayi achikulire, pa nthawi yake, ndipo kwa woyembekezera koyamba pamakhala mwambo wa chisamba, pamene anankungwi amamulangiza. Ena amati kubisako n'kuopa anthu oipa mtima. Ine ndimaona nzeru ina m'menemo: makolo ankadziwa kuti miyezi yoyambirira ndi yosalimba, ndipo ankafuna kuti ngati zitavuta, mayi alire pakati pa anthu ochepa amene wawasankha yekha. Choncho tidapangana kuti sitiuza aliyense mpaka miyezi inayi itakwana, ngakhale apongozi anga omwe.

M'masabata amenewo mayi akunyumba adagula tinthu tochepa m'sitolo ina yogulitsa mankhwala ndi zodzola: kachipangizo koyezera mimba, mapiritsi a folic acid amene adauzidwa kusikelo, ndi sopo wosanunkhira, chifukwa fungo la sopo wathu wakale lidayamba kuwachititsa mseru. Khadi limene ankagwiritsa ntchito m'sitolomo lidali la mlongo wanga, amene adatitsogolera kubwera kuno. Tinkabwerekana kuti mapointi aunjikane pamodzi, monga amachitira mabanja ambiri. Patapita masabata atatu, foni yanga idalira madzulo ena.

"Achimwene, kodi alamu ali bwanji?" adafunsa mlongo wanga, mawu ake akumveka kuti akubisa chiseko.

"Ali bwino. Bwanji kodi?"

"Ayi, ndangofunsa. Kungoti foni yangayi yayamba kundiuza za zinthu za amayi oyembekezera, pamene ine zanga zidatha kalekale."

Ndidayesa kuzemba, koma ndidachedwa kuyankha, ndipo kuchedwako kudandiulula. Mlongo wanga adalibe mtima woipa. Chimwemwe chidamukulira, nauza amayi kumudzi, amayi nauza azakhali, ndipo sabata isadathe nkhani idali itafika kwa apongozi anga kudzera mwa anthu ena. Adatiimbira ali okondwa komanso okhumudwa, akufunsa chifukwa chimene mwana wawo weniweni adawabisira. Pofuna kukonza zinthu, tidasintha nambala ya pakhadi lija, tidaikapo ya mayi akunyumba, kuti mauthengawo asamapitenso kwa mlongo wanga.

M'mwezi wachitatu adapita padera.

Za usiku umenewo sindilemba. Ndingonena kuti chisoni chimene chikadakhala cha anthu awiri chidasanduka cha mabanja awiri, ndipo mayi akunyumba adayenera kulandira mafoni opepesa kwa masabata angapo, ena ochokera kwa anthu amene sadawauzepo kanthu. Anthu adapepesa, kenaka adaleka, monga achitira anthu. Koma mauthenga a sitolo sadaleke. Ankabwera motsatana ngati kuti mimba ikukulabe: poyamba mafuta opaka pamimba, kenaka mabotolo ndi zosambitsira mwana. M'mwezi umene tikadakhala tikulongedza chikwama cha kuchipatala, m'mawa wa Loweruka lina, ndidawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, foni ili m'manja. Uthenga unkati matewera a ana akhanda atsika mtengo. Sadalire. Adangondipatsa foniyo nati, "Bambo, kawauzeni anthu amenewa kuti mwana kulibe."

Ndidapita kusitolo tsiku lomwelo, ndipo m'menemo ndidazindikira kuti palibe woti ndimuuze. Mtsikana wa pakauntala adandimvera chisoni, koma adati iye amangolandira ndalama. Woyang'anira sitolo adandipatsa nambala yoti ndiimbe. Pa nambalayo padayankha makina. Mkulu wa golosale wa kwathu akadamva za maliro tsiku lomwelo, akadabwera kudzakhala nafe pansi, ndipo beseni akadalibweza pashelefu mwakachetechete. Kuno amene ankadziwa za m'mimba mwa mkazi wanga adalibe nkhope yoti ndiiyang'ane, ngakhale khutu loti limve.

Kuyambira pamenepo ndidayamba kuwerenga kuti ndimvetse chimene chidatilasa. Ndidapeza kuti nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Ku Britain, sitolo ya Tesco idayambitsa khadi lake lotchedwa Clubcard mu 1995, mothandizidwa ndi kampani ya dunnhumby, imene ntchito yake idali kusanthula zimene anthu amagula. Ku America, mtolankhani Charles Duhigg adalemba mu nyuzipepala ya New York Times mu 2012 za katswiri wa masamu wa sitolo ya Target, Andrew Pole, amene adapeza zinthu pafupifupi 25 zimene, zikagulidwa motsatana, zimasonyeza kuti mayi ndi woyembekezera, ngakhalenso nthawi imene angadzachire. Zina mwa izo zidali mafuta odzola osanunkhira ndi mapiritsi owonjezera mphamvu m'thupi. Nkhaniyo idanenanso kuti sitoloyo itaona kuti amayi akudabwa, idayamba kusakaniza malonda a zinthu za ana ndi a zinthu zina zosagwirizana nazo, kuti mayi aziganiza kuti zangochitika mwangozi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kumva. Chilichonse chimene chadutsa pamakina a pakauntala chimalembedwa pa dzina la mwini khadi, pamodzi ndi tsiku, ola ndi malo. Kompyuta imayerekeza tsamba lako ndi masamba a anthu ena miyandamiyanda, nkuona kuti amene adagula izi ndi izi, pambuyo pake adagula chakuti. Nzeru imeneyo ndi chuma. Sitolo imaigwiritsa ntchito pokukopa kuti ubwerenso, komanso imalandira ndalama kuchokera kwa opanga katundu amene akufuna kuti malonda awo afike kwa munthu woyenera pa nthawi yoyenera. Ambiri a ife tikamva mawu oti data timaganiza za bandulo ya pafoni imene timagula nkutha. Koma pali data ina imene sitigula, timapereka, ndipo siitha. Marandi makumi atatu aja sadali mphatso. Udali mtengo umene ankandigulira tsamba langa, ine osadziwa kuti ndikugulitsa.

Nditafotokozera mnzanga wa kuntchito, munthu wa ku Chipata amene timakonda kutsutsana pa nkhomaliro, adandiyankha mosapsatira. "Amwene, pepani ndithu ndi zimene zidachitika. Koma ndani adakukakamizani kutenga khadi? Ndalama ndi zanu, kusankha n'kwanu. Simukufuna, lipirani mtengo wonse." Mawu ake ali ndi choonadi, ndipo sindiwapeputsa. Ndili mwana ndidaona khadi la mtundu wina. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi, referendamu ya 1993 isadachitike, anyamata a chipani ankaima pachipata cha msika ndi pokwerera basi, kufunsa khadi la Malawi Congress Party. Wopanda khadi ankabwezedwa, mwina ndi mbama. Akuluakulu amakumbukabe kuti m'malo ena amayi oyembekezera ankauzidwa kugulira khadi mwana wosabadwa. Amene adaona zimenezo sanganene kuti khadi la m'sitolo n'chimodzimodzi. Palibe amene amandimenya pakhomo la sitolo. Ufulu wogula chimene ndifuna, kumene ndifuna, ndi weniweni, ndipo ndimaulemekeza.

Komabe ndidamufunsa mnzangayo kuti ufulu wokana uli ndi mtengo wanji, ndipo angaukwanitse ndani. Bwana wathu angathe kulipira mtengo wonse wa mafuta ophikira osamva kupweteka. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba, amene akulipira lendi kuno ndi fizi ya ana kumudzi, akaona mitengo iwiri pashelefu sakhala ndi zosankha ziwiri zofanana. Amatenga khadi chifukwa mphika ukumudikira. Motero chinsinsi chasanduka katundu wamtengo wapatali, amene olemera angagule, pamene osauka amagulitsa chawo kuti ufa ukwanire mwezi. Nanga kuvomereza kwathu kuja n'kotani? Mfundo zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya, m'zilembo zazing'ono, masamba ambirimbiri, ndipo umachonga kabokosiko uli pamzere, anthu akukudikira kumbuyo. Kwathu munthu akagulitsa ng'ombe pamakhala mboni, ndipo onse awiri amadziwa chimene chikusinthana manja. Pano wogula yekha ndiye amadziwa kulemera kwa chimene wagula.

Palinso china chimene ndidachiona mwa ine ndemwe. Mauthenga a malonda ankachuluka kumapeto kwa mwezi, malipiro atangolowa, ndipo ankatchula zinthu zimene ndimazikonda. Kangapo ndidalowa m'sitolo kukagula buledi, nkutuluka ndi jumbo yodzaza. Dzanja limene lidatola lidali langa, inde, koma amene adayala mphasa adali atandiphunzira kale pofooka panga. Munthu angathe kusankha momasuka pakati pa zinthu zimene wina wamuyalira, osadziwa kuti mnzake wamuyalira zina.

Ndipo tsamba limenelo silikhala m'kabati imodzi. Mu Ogasiti 2020 kudalengezedwa kuno ku South Africa kuti kampani ya Experian, yosunga mbiri ya ngongole za anthu, idapereka mbiri ya anthu ofika 24 miliyoni kwa munthu amene adanamizira kukhala kasitomala wake. Makolo ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ankakhulupirira kuti phazi ndi losalankhula, mvula ikagwa limafufutika. Mapazi amene tikusiya m'makompyuta safufutika ndi mvula, ndipo aphunzira kulankhula.

Ndisaname kuti zonse n'zoipa. Chifukwa cha kusunga mbiri kotereku, sitolo imadziwa buledi woti iphike kuti asaonongeke. Munthu wopanda chikole, amene banki sikadamuyang'ana nkomwe, amatha kupeza kangongole chifukwa mbiri ya ndalama za pafoni yake ikumuchitira umboni. Amayi anga kumudzi salandiranso ndalama zomangidwa pampango kudzera mwa dalaivala wa basi. Zimenezi ndi zabwino, ndipo sindifuna kubwerera m'mbuyo. Koma zikutanthauzanso kuti nkhaniyi si ya ku Joni kokha. Ku Malawi nambala ya foni imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo aliyense wolipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba akulemba tsamba lake tsiku ndi tsiku. Ku Zambia ndi ku Zimbabwe zilinso chimodzimodzi ndi makampani a kumeneko. Buku lachikuto chofiira lidakula, lidafika m'thumba la aliyense.

Chimene chidatithandiza potsiriza ndi lamulo, limene sindinkadziwa kuti lilipo. South Africa ili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu lotchedwa POPIA, limene lidakhazikitsidwa mu 2013 ndipo lidayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021. Limapatsa munthu mphamvu yofunsa kampani zimene ikusunga za iye, yopempha kuti zolakwika zikonzedwe kapena zifufutidwe, ndi yokana mauthenga a malonda. Kampani ikanyozera, munthu angakadandaule ku ofesi ya Information Regulator. Nditalemba kalata yotchula lamuloli, mauthenga aja adaleka. Zambia ndi Zimbabwe zidakhazikitsa malamulo awo a mtundu umenewu mu 2021, ndipo Malawi idakhazikitsa lake mu 2024, nkupatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira. Ngakhale zisadatero, gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi lidali litanena kale kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosunga zinsinsi zake. Koma lamulo lili ngati khasu: likakhala pakhonde sililima. Limathandiza amene akudziwa kuti lilipo, ndipo ine ndidalidziwa chinsinsi chathu chitafika kale ku Mchinji.

Lero m'nyumba mwathu tidagwirizana mfundo zochepa. Makhadi sitidataye onse, pakuti ndife anthu owerengera ndalama. Ufa, mafuta, shuga ndi sopo wochapira timagula ndi khadi. Adziwe ngati afuna kuti timadya nsima kawiri patsiku. Koma chilichonse chokhudza thupi, matenda ndi za kuchipinda timalipira ndalama ya m'manja, popanda khadi, pa mtengo wonse. Sitibwerekananso khadi ndi wachibale aliyense. Pakabokosi kofunsa ngati tikufuna mauthenga a malonda, timakana. Zimenezi zimatidyera marandi angapo mwezi uliwonse, ndipo ndikudziwa kuti alipo ambiri amene sangathe kutaya ngakhale amenewo. N'chifukwa chake sindiweruza aliyense amene amatulutsa khadi pakauntala. Ndimangolakalaka kuti azidziwa kuti akugulitsa kanthu, ndipo adzifunse ngati mtengo wake wakwana.

Chaka chatha ndidapita kumudzi. Golosale ija tsopano ndi malo ogulitsira mayunitsi ndi kutumizira ndalama. Mkulu uja adamwalira kalekale, koma mkazi wake alipo, akuyendera ndodo. Nditawapatsa moni ndidawafunsa za buku lija, chifukwa ndinkadziwa kuti bambo anga adali ndi tsamba lalitali m'menemo.

"Agogo, kodi buku lofiira lija lidapita kuti?"

Adaseka. "Mwanawe, ukufuna kubweza ngongole ya bambo ako? Wachedwa. Asadamwalire adatiuza kuti maliro akatha tilitenthe. Adati za anthu zisatsale m'manja mwa ana."

Ndidakhala nawo pamkeka mpaka dzuwa kupendeka, ndikuganiza za munthu amene adadziwa njala ndi manyazi a mudzi wonse kwa zaka zambiri, nkuona kuti udindo wake womaliza udali kuiwala. Pobwerera ndidawafotokozera mayi akunyumba, ndipo adamwetulira momwe ndidali ndisadawaonere kwa nthawi yaitali.

Ena mwa inu amene mumatidziwa mudzafuna kufunsa ngati m'nyumba mwathu muli nkhani yatsopano. Ndikuthokoza chifukwa cha chikondi chanu. Zimenezo n'zathu, ndipo mudzazimva kwa eni ake, nthawi yake ikakwana.